Pamene zitseko za chalichi zinatsekedwa ku Niassa

Pa maphunziro a katekisimu, akatekumeni ndi acinyamata amatifunsa kawirikawiri kuti: kodi Mkhristu ayenera kupita ku chalichi? Amati Mulungu ali ponseponse, ndipo amamva pemphero la munthu amene ali m'munda mwake. Ena amati Misa amaimvera pa wailesi. Funsoli siloyenera kulinyoza, pakuti n'zoona kuti Mulungu satsekeredwa m'nyumba ya njerwa. Koma ife Akhristu a kumwera kwa Niassa tili nalo yankho m'mbiri yathu, pakuti makolo athu m'cikhulupiriro anaona masiku amene kusonkhana pa Lamulungu kunali mlandu.

Amishonale a Consolata anafika ku Mandimba m'caka ca 1926, motsogozedwa ndi Bambo Pietro Calandri. Mu 1928 anakhazikitsa mishoni ya Massangulo, m'dera limene lero ndi boma la Ngauma. Ciyambico cinali covuta. Akuluakulu a Cipwitikizi ankawakayikira ansembewo popeza anali ocokera ku Italy. Ayao ambiri a m'deralo anali atalandira kale Cisilamu, ndipo anakhalabe m'cipembedzo cao. Motero mpingo woyamba wa ku Massangulo unali wocepa, wa ana amasiye, ana a sukulu ndi ophunzira nchito za manja. Pambuyo pake panatsegulidwa mishoni za Mepanhira, Mitúcue kufupi ndi Cuamba, ndi Maúa, kumene Amakua ambiri analandira ubatizo. Dayosizi ya Vila Cabral, imene lero ndi ya Lichinga, inakhazikitsidwa mu 1963.

M'zaka zimenezo moyo wa Cikhristu unali wozungulira mishoni. Kumeneko kunali wansembe, sukulu, cipatala ndi belu loitana anthu. Munthu akanatha kuganiza kuti Mpingo ndi nyumba zimenezo, ndi kuti zitagwa, Mpingo ugwera pamodzi nazo.

Maganizo amenewa anayesedwa dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa 24 Julayi caka comweco, boma la Samora Machel linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. Mu 1977 cipani ca Frelimo cinalengeza kuti cikutsata ciphunzitso ca Marx ndi Lenin, cimene cinkaona cipembedzo ngati mdima wobwezera anthu m'mbuyo. Tisabise kuti atsogoleri ena a Mpingo anali atayenda limodzi ndi atsamunda, ndipo zimenezi zinapatsa olamulira atsopano cifukwa cokwiyira. Komabe cilango cinagwera okhulupirira wamba. Machalichi ambiri anatsekedwa, amishonale ambiri anacoka kapena kuletsedwa kuyendera midzi, ndipo kuphunzitsa ana katekisimu kunaletsedwa. Sanali Akatolika okha amene anasautsidwa: Asilamu ndi Akhristu a mipingo ina anapanikizidwa, ndipo a Mboni za Yehova zikwi zambiri anatsekeredwa m'misasa ku Milange.

Apa pali cinthu cofunika kuciona. Olamulira sanalimbane ndi pemphero la mumtima, pakuti palibe msilikali amene angalondere mtima wa munthu. Analimbana ndi msonkhano. Ankadziwa kuti cikhulupiriro ca munthu amene ali yekha cili ngati cikuni cimodzi cosomoledwa pa moto: cimafuka utsi kanthawi, kenaka n'kuzima. Otsutsa Uthenga Wabwino anazindikira mtengo wa Lamulungu kuposa ambiri a ife lero.

Mpingo unayankha pa Msonkhano Waukulu wa Ubusa umene unacitikira ku Beira mu Seputembala 1977. Aepiskopi, ansembe, masisitere ndi Akhristu eni ake anagwirizana kuti Mpingo ukhazikike pa miphakati ing'onoing'ono, imene kwathu timaichula kuti komunidade, momwe aliyense ali ndi utumiki wake. Wina atsogolere mapemphero, wina awerenge Mau a Mulungu, wina aphunzitse akatekumeni, wina ayendere odwala, wina aike maliro. Sanati aliyense azipemphera kwa yekha mpaka zinthu zitasintha. Anati kulikonse kumene kuli obatizidwa, asonkhane, ngakhale pansi pa mtengo wa mango, ngakhale wansembe atapanda kuoneka kwa caka cathunthu.

Kenaka inabwera nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo. Msewu wocokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga unasanduka woopsa. Midzi inatenthedwa, ndipo anthu ambiri anathawira ku Malawi, ena podzera ku Chiponde. Koma miphakati sinafe. Mu Januwale 1989, ku Nipepe m'dayosizi yathu yomweyi, anthu oposa 200, pakati pao makatekista ndi mabanja ao, anathawira m'chalichi pamene mudzi unaukiridwa. Anakhala m'menemo masiku angapo, akumwa madzi a m'cobatizira amene sanathe, uku akupempha Sisitere Irene Stefani kuti awapempherere. Mpingo unavomereza kuti cimeneci cinali cozizwitsa, ndipo Sisitereyo analengezedwa kukhala Wodala ku Nyeri, m'dziko la Kenya, pa 23 Meyi 2015. Ku Guiúa, m'cigawo ca Inhambane, makatekista ndi acibale ao oposa 20 anaphedwa pa 22 Malichi 1992, atasonkhana kudzaphunzira nchito yotumikira miphakati. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala caka comweco, ndipo ansembe pobwerera m'midzi anapeza Akhristu akusonkhanabe, ali ndi akatekumeni odikira ubatizo.

Zimenezi sizinayambe ndi ife. M'caka ca 304, mfumu ya Aroma Diocletian italetsa misonkhano ya Akhristu, okhulupirira 49 a ku Abitina, m'dziko limene lero ndi Tunisia, anagwidwa akucita Ukaristia. Pozengedwa mlandu anayankha kuti sangakhale ndi moyo popanda mwambo wa Tsiku la Ambuye, ndipo anafera yankho limenelo. Kalata ya kwa Ahebri 10:25 inali itacenjeza kale Akhristu kuti asaleke kusonkhana, ndipo Nchito za Atumwi 2:42 zimaonetsa kuti Mpingo woyamba unkadziwika ndi ciphunzitso ca atumwi, ciyanjano, kunyema mkate ndi mapemphero.

Cifukwa cake n'cakuti pali zinthu zimene munthu sangadzipatse yekha. Palibe amadzibatiza, palibe amadzikhululukira macimo, ndipo wailesi singatipatse Thupi la Khristu. Ndiponso munthu amene sabwera sadziwa kuti mnzake wadwala kapena kuti mai wamasiye alibe cakudya. N'cifukwa cake Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2180 mpaka 2183, amatilamula kukhala nawo pa Misa Lamulungu ndi pa masiku oyera olamulidwa. Lamuloli silipsinja wodwala kapena wosamalira khanda, pakuti otere ali ndi cifukwa comveka. Ndipo kumene kulibe wansembe, monga zimakhalira m'makapela athu ambiri, Mpingo umatilimbikitsa kusonkhana pa mwambo wa Mau a Mulungu.

Lero malamulo a dziko amateteza ufulu wa cipembedzo, ndipo palibe amaima pakhomo la kapela kutiletsa kulowa. Zotiletsa zasanduka zina: msika wa Lamulungu, geni ya pamalire, mpira, kapena kakusamvana ndi mtsogoleri wa mphakati. Zimene boma ndi mfuti zinalephera kucita m'zaka 17, ife tikhoza kuzicita tokha mwakacetecete, Lamulungu limodzi ndi linzake. Makatekista amene anasunga miphakati m'zaka zija ena akali moyo pakati pathu. Tiwafunse cimene cinkawadzutsa m'mamawa kupita pansi pa mtengo kumene kunalibe belu, ndipo tiwatengere ana athu kuti amve yankho lao.