NJANJI YA PANSI PA MZINDA WA LONDON

Munthu wa ku Ng'ombe, kumene nyumba zathithikana kotero kuti galimoto silingathe kulowa m'tinjira tina, angamvetse msanga bvuto la mzinda wa London m'zaka za m'ma 1850. Ngolo za akavalo zinadzaza miseu, ndipo malo oyalapo njanji panalibe. Loya wa mzindawo, Charles Pearson, anaumirira kuti sitima ziziyenda pansi pa nthaka.

Nchito inayamba mu 1860. Anchito anang'amba mseu, nakumba ngalande yaikulu, namanga zipupa za njerwa, nafolera pamwamba, nabwezera mseu pamalo pace. Kakumbidwe kameneka kanaliza anthu. Nyumba zambiri za amphawi zinagwetsedwa, eni ace nakapanikizana kwa anzao. Mu June 1862 mtsinje wa Fleet, umene unatsekeredwa pansi kuti uzinyamula zonyansa za mzinda, unaphulika nudzaza ngalandeyo. Pearson anamwalira caka comweco asanaione sitimayo.

Pa 10 January 1863 njanji inatsegulidwa kucokera ku Paddington kufikira ku Farringdon, mtunda wosakwana mailosi anai, ndipo tsiku loyambalo anakwera anthu ngati 38,000. Koma injini zinali za malasha, ndipo utsi unatsamwitsa okwera.

Njira yabwino inacokera ku nchito ina yakale. Marc Brunel anaboola pansi pa mtsinje wa Thames kuyambira 1825 kufikira 1843, okumba ali m'kati mwa cishango cacitsulo. Ngakhale zinali tero, madzi anathyola mu 1828 napha amuna 6. James Greathead, wobadwira ku Grahamstown ku South Africa, anakonzanso cishangoco cikhale cobulungira: okumba acotsa dothi kutsogolo, cishango cikankhidwa pang'ono, anzao namanga mikombero yacitsulo m'mbuyo. Amuna a m'migodi ya Nkana ndi Mufulira safuna wowamasulira zimenezi, pakuti adziwa kuti denga losacirikiza silicedwa kugwa. Motero mu 1890 inatsegulidwa njanji yakuya yoyendera magetsi, yopanda utsi, miseu ya pamwamba osaing'amba.

Komatu cishango ca Greathead cinali kudula dothi lofewa longa mtapo woumbira mbiya. Pansi pa Kanyama pali mwala wa laimu, ndipo madzi ali pafupi kotero kuti nthawi ya dzinja ngakhale dzenje la cimbudzi lisefukira.