Mbiri ya Mafuta Odzola ndi Chikanga cha M'miyendo ku Nakatindi

Mwambo wodzola mafuta m'dera la Livingstone ndi wakale kuposa tauniyo, ndipo unabadwa chifukwa cha nyengo ndi nthaka. Mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi, miyezi yotsalayo kumauma gwaa. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimatuwitsa khungu mbuu, ndipo pofika Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Komboni ya Nakatindi, yomwe ili chakumadzulo kwa tauniyi m'mbali mwa msewu wopita ku Sesheke, ili pa mchenga wa Kalahari umene umabuka fumbi munthu akangoponda. Pa thupi lonse, miyendo ndiyo imazunzika kwambiri, poti khungu la pamsongolo lili ndi mafuta achibadwa ochepa. Likauma limang'aluka, limayabwa, munthu amakanda, ndipo kukandako kumawonjezera kuyabwa. Umu ndi momwe chikanga chimakhazikikira pamisongolo, m'akakolo ndi kuseri kwa mawondo.

Atoka, Aleya ndi Alozi ankapeza mafuta awo kutchire ndi kukhola. Mtengo wa mungongo, womwe umakonda mchenga wa derali, umabala mtedza wa chikamba cholimba ngati mwala. Amayi ankauswa, kusinja maso ake ndi kutulutsamo mafuta odyera komanso odzola. Oweta ng'ombe ankadzola mafuta amkaka, ndipo akazi achitonga ankawasakaniza ndi dothi lofiira. Panalinso mafuta a nsatsi, odziwika pafupifupi m'chigawo chonse, kuyambira ku Zambezi mpaka kunyanja ya Malawi. Kuyenga kwake kunkafuna kuleza mtima: kukazinga nsatsi pa phale, kusinja mumtondo mpaka zitachita phalaphala, kuwiritsa m'madzi, kenako kuwengula mafuta oyandama pamwamba ndi kuwathira mu nsupa. Njira imeneyi inali ndi nzeru yaikulu, chifukwa ululu woopsa wa m'nthanga za nsatsi sulowa m'mafuta, umatsalira m'madzi ndi m'zotsalira, komanso moto umauthetsa mphamvu. Khanda likasamba linkadzozedwa thupi lonse, chimodzimodzinso namwali ndi mkwatibwi. Mwana wotuwa ankachititsa manyazi mayi wake.

Zinthu zinasintha njanji itafika. Sitima inafika pa Victoria Falls mu 1904, mlatho wowoloka Zambezi unatha mu 1905, ndipo anthu anasamuka kumudzi wakale wa Old Drift, komwe malungo ankawapha, kudzakhala pamtunda pomwe pali tauni lero. Kuyambira 1911 mpaka 1935 Livingstone inali likulu la Northern Rhodesia. Masitolo a amwenye ndi Ayuda anadzaza ndi sopo, nsalu ndi mabotolo a Vaseline, mafuta oyengedwa kuchokera ku mafuta okumba pansi amene Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872. Munthu wolembedwa ntchito kunjanji kapena ku Zambezi Sawmills analibe nthawi yoswa mungongo, choncho botolo linalowa m'malo mwa nsupa. Pamenepa khungu silinaluze kanthu, chifukwa mafuta amenewa amatseka chinyezi bwino zedi. Chimene chinabweretsa vuto ndi sopo, makamaka chizolowezi chosambira sopo wochapira zovala ndi kukhula miyendo ndi mwala kapena chinkhupule. Sopo wotere amakokolola mafuta ochepa amene msongolo uli nawo.

Mankhwala enieni oziziritsa chikanga anabwera mochedwa. Mu 1952 madokotala awiri a ku New York, Marion Sulzberger ndi Victor Witten, anaonetsa kuti hydrocortisone wopaka amachepetsa kutupa ndi kuyabwa. Pambuyo pake panatuluka mankhwala amphamvu kuposa pamenepo monga betamethasone ndi clobetasol. Akatswiri a khungu akhala osowa m'chigawo chino, n'chifukwa chake mu 1992 ku Moshi m'dziko la Tanzania kunatsegulidwa sukulu ya Regional Dermatology Training Centre, yomwe yaphunzitsa azachipatala a ku Zambia, Malawi ndi maiko ena. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala amphamvuwo anatulukira pamsika, pomwe amagulitsidwa popanda chikalata cha dokotala, ena ngati mafuta oyeretsa khungu. Akapakidwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu, ndipo ngati vutolo ndi zipere kapena mphere, amangobisa zizindikiro kwinaku matenda akufalikira. Matenda atatuwa amafuna mankhwala osiyana, ndipo wotha kuwasiyanitsa ndi wachipatala, kuyambira pa kiliniki ya m'komboni mpaka kuchipatala chachikulu cha Livingstone.

Anthu a ku Nakatindi sangasiye ntchito zawo chifukwa cha kuyabwa. Amayenda wapansi kupita kumsika ndi kuntchito, anyamata amasewera mpira pa mabwalo a mchenga, ndipo njinga n'zambiri, moti amayi ena a m'komboniyi amayendetsa shopu yokonza ndi kugulitsa njinga yotchedwa Chipego. Thukuta likaumira pakhungu losweka, mchere wake umalasa, ndipo masokosi a nayiloni ndi zotchingira misongolo pa mpira zimasunga thukutalo pamalo amodzi. Malangizo a masiku ano sasiyana kwenikweni ndi zomwe agogo ankachita. Munthu adzole asanatuluke, asambe msanga akatuluka thukuta ndi madzi ofunda pang'ono, asakhule pamalo odwala, adzipukute pang'onopang'ono mosakwecha khungu, kenako adzole khungu lisanaume. Zovala za thonje zomasuka zimathandiza, ndipo zikhadabo zizikhala zowenga. Mafuta onunkhiritsa ndi bwino kuwapewa. Pamene patuluka mafinya, patupa kapena pakutentha, ndiye kuti palowa tizilombo ndipo pakufunika chipatala tsiku lomwelo.

Chikanga sichipatsirana, ndipo nthawi zambiri chimayenda m'banja limodzi ndi mphumu ndi chimfine cha fumbi. Mankhwala opaka amagwiritsidwa ntchito masiku ochepa pamene chayaka, pomwe mafuta amafunika tsiku ndi tsiku, makamaka kuyambira mu Meyi mpaka mvula yoyamba itagwa.