Hosipawa

Eni zigayo ku Katete ndi ku Sinda amakonda kudzitama kuti, "Injini yanga ndi ya mahosipawa 20." Ambiri amayesa akunena kukula kwa injini, chonsecho ndi muyeso wa mphamvu imene injiniyo imatulutsa. Mawu akuti hosipawa ndi ochokera ku Chingerezi, kutanthauza mphamvu ya hatchi. Anawatchukitsa ndi James Watt m'zaka za m'ma 1700, poyerekezera injini zake za nthunzi ndi mahatchi. Hosipawa imodzi ndi mawati pafupifupi 746.

Nambala ya mahosipawa yolembedwa pachitsulo cha injini amaipeza pa dynamometer, makina ogwira injini ngati buleki kwinaku akuiyeza. Mpweya ukatentha mphamvu imatsika. Injini yokalamba ya ku Vubwi imatha kutsamwa ndi chimanga mu Okutobala kukatentha, chitsulo chikunenabe 20.