Galu Wamkota Sakandira Pachabe: Mbiri ya Galu Wosaka Mbalame ndi Malo Ake Pakhomo

Akuluakulu akale adati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu umanenedwa pochenjeza achinyamata kuti munthu wachikulire akakakamira nkhani, pamakhala chifukwa. Komatu mwambiwu udachokera kwa alenje, amene ankadziwa kuti galu wokalambira kutchire akayamba kukanda pansi, ndiye kuti kuunako kuli kanthu. Mbiri ya galu wotereyu ndi yofunika kuikumbukira masiku ano pamene mabanja ena, makamaka a anthu apantchito, amasirira agalu akunja a mitundu yosaka mbalame, n'kumaganiza kuti adzangokhala phee pakhonde ngati mphaka.

Galu adafika kumwera kwa Africa pamodzi ndi makolo olima ndi osula zitsulo. Akatswiri ofukula zakale adapeza mafupa a galu woweta a cha m'ma 570 pafupi ndi mtsinje wa Limpopo, kusonyeza kuti chiweto chimenechi chakhala ndi anthu a kuno zaka zoposa 1,400. Galu wamakoloyu ndi uja wochepa thupi, wa miyendo italiitali ndi ubweya waufupi, amene amapirira dzuwa ndi njala yomwe.

Dera la Neno, limene lidapatulidwa ku Mwanza n'kukhala boma palokha mu 2003, lidali lomuyenera galu wotere. Kumtunda kuli mapiri a Kirk ozizira, ndipo kumunsi kuli chigwa chotentha cha Lisungwi ndi Shire. Konseku kudali nkhwali, nkhanga ndi zinziri, osanenanso za akalulu ndi agwape. Nyengo ya chilimwe, anthu atakolola ndipo tchire litapsa, amuna ankamemana uzimba, atanyamula zibonga, mikondo, mauta ndi maukonde, agalu ali patsogolo. N'chifukwa chake kudabadwanso mwambi wakuti nkhanga zidapangana kusanapse, poti moto ukadutsa, mbalame zinkasowa pobisala. Anyamata nawo ankaphunzirira usaki pa nkhwali za m'mbali mwa minda: galu amanunkhiza, kuivumbulutsa, mnyamata n'kuponya chibonga.

Galu ameneyu adali wapabanja, koma sadali wam'nyumba. Ankagona pakhonde kapena paphulusa, nadya mkute ndi makombo. Akapha nyama, mlenje ankamupatsa matumbo ndi mafupa kuti adziwe phindu la thukuta lake. Masana ankatsagana ndi ana kubusa, amayi kudimba ndi abambo kumunda, usiku n'kumalondera khola kuopa afisi. Kawirikawiri dzina lake lidali uthenga wopita kwa anansi, monga Adzanena kapena Zatonse, kotero kuti mwini akamuitana mokweza, wolakwa ankamva yekha. Chachikulu n'chakuti galuyo ankafika madzulo ali wotopa, ndipo galu wotopa savuta pakhomo.

Moyo umenewu udayamba kusintha m'nthawi ya atsamunda. Mu 1926 boma la Nyasaland lidakhwimitsa lamulo la nyama zakutchire, ndipo njira zambiri zachikale zosakira zidasanduka mlandu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu adachuluka, minda idalowa m'tchire, nyama n'kuchepa. Lamulo la malo osungira nyama ndi zamoyo zakutchire la 1992 lidapitiriza kuteteza nyamazo. Uzimba udazilala, galu n'kutsala ndi ntchito imodzi ya ulonda.

Kutsidya kwa nyanja mbiri idayenda njira ina. Azungu adasankhula agalu kwa mibadwo yambiri kuti mtundu uliwonse udziwe gawo limodzi la usaki wa mbalame. Wotchedwa Pointer akamva fungo la mbalame amaima nji, mphuno italoza kumene yabisala, nthawi zina mwendo umodzi uli m'mwamba. Setter kalelo ankanyonyomala kuti alenje aponye ukonde pamwamba pa mbalamezo. Spaniel amalowa m'zitsamba kukazivumbulutsa, pamene Labrador amakatola yowomberedwa, ngakhale yagwera m'madzi, n'kuibweretsa osaiphwanya ndi mano. Chionetsero cha agalu chimene chidachitikira ku Newcastle mu 1859 chidali cha ma Pointer ndi ma Setter okha, ndipo bungwe la Kennel Club, lolemba mitundu ya agalu, lidakhazikitsidwa ku Britain mu 1873.

Tsono kodi galu wotere angakhale bwino pabanja? Mbiri yake ikuyankha mbali ziwiri. Popeza adaleredwa kuti azigwira ntchito moyang'ana mbuye wake, amakonda anthu, amamva msanga, ndipo kawirikawiri amakhala wofatsa ndi ana. Komanso adaleredwa kuti azithamanga kutchire kwa maola ambiri osafooka, ndipo mphamvu imeneyo siichoka chifukwa chakuti mwini wake alibe mfuti. Odziwa za agaluwa amalangiza kuti azithamanga ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse. Akamangidwa pa tcheni kapena kutsekeredwa kumpanda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amakumba maenje, kutafuna nsapato, kuuwa kosalekeza, ndipo akapeza mpata amathawa. Nayenso sakandira pachabe: akufunafuna ntchito imene adabadwira.

Vuto lalikulu kumudzi ndi nkhuku. M'midzi ya ku Neno nkhuku, abakha ndi nkhanga zoweta zimayenda momasuka, ndipo kwa galu wa mbalame zonsezi ndi nyama. Nkhuku imodzi ya mnansi ikaphedwa, chibale chimagwedezeka; zikafika zitatu, nkhani imakathera kubwalo la anyakwawa, mwina galuyo n'kupezeka atathiridwa chiphe. Apa mpamene pamagwira mwambi wakuti mmera mpoyamba. Kagalu kazolowezedwe kukhala pakati pa nkhuku kakadali kakang'ono, kakudzudzulidwa ndi mawu nthawi yomweyo kakayamba kuthamangitsa, ndi kuyamikiridwa kakamvera. Ndodo siithandiza, chifukwa agalu a mitundu imeneyi akamamenyedwa amangosanduka amantha.

Palinso udindo wa thanzi. Matenda a chiwewe amapha munthu zizindikiro zikangoonekera, ndipo pafupifupi onse odwala amawatenga polumidwa ndi galu. Katemera wake adayamba kuperekedwa kwa munthu ndi Louis Pasteur mu 1885, ndipo kuno bungwe la Mission Rabies lidayamba kubaya agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015. Galu woyendayenda m'tchire ayenera kubayidwa katemera nthawi yake ikakwana ndi kuchotsedwa nkhupakupa, makamaka ngati amaseweretsedwa ndi ana. Galu wakunja amafunanso mthunzi ndi madzi ochuluka m'madera otentha monga Lisungwi ndi Zalewa, pamene wamakolo adazolowera kale.

Motero banja lofuna galu wa mbalame lidzifunse mafunso amene mlenje wakale sankafunika kudzifunsa. Ndani adzayenda naye m'mamawa ndi madzulo? Kodi pakhomo pali bwalo lokwanira? Nanga nkhuku za anansi zitetezedwa bwanji? Banja la ana okonda kuthamanga, lokhala ndi munda kapena dimba patali ndithu, lingapeze mwa galuyu bwenzi lokhulupirika kwa zaka khumi kapena kuposerapo. Koma banja limene onse amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa lichita bwino kumusiyira ena. Makolo sankaweta galu wosaka popanda chomusakitsa, ndipo amene afuna kumuweta lero ayenera kumupezera cholowa m'malo mwa uzimba.