Ulendo wa Munthu Mmodzi m'Chilimwe ku Malawi

Ulendo wa munthu mmodzi m'chilimwe ndi ulendo wokaona malo umene munthu amaukonza ndi kuuyenda yekha, popanda gulu la kampani yoyendetsa alendo, m'miyezi youma ya Ogasiti mpaka Novembala. Ku Malawi ulendo wotere kawirikawiri umaphatikiza zinthu zinayi: kuona malo a mbiri yakale ndi a zachilengedwe, kukwera mapiri monga la Mulanje, kusambira pansi pa madzi a nyanja ya Malawi ndi zida zopumira, ndiponso kukakhala nawo pa chikondwerero cha nyimbo. Zonsezi zimatheka pa ulendo umodzi chifukwa dzikoli ndi laling'ono ndipo phiri, nyanja ndi mizinda sizitalikirana kwambiri. Ngakhale umatchedwa ulendo wa munthu mmodzi, mbali zake zovuta sizichitidwa ndi munthu ali yekha: kuphiri pamafunika wolondolera njira, ndipo pansi pa madzi pamafunika mnzako womira naye.

Nyengo

Mvula ya dzinja imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kutha cha mu Epulo. Kuyambira Meyi mpaka Julayi kumazizira, ndipo kutentha kumakwera kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kufika pachimake mu Okutobala ndi Novembala. Alendo a ku Ulaya amene amabwera pa tchuthi chawo cha Juni mpaka Ogasiti amapeza kuno kukuzizira. Miyezi imeneyi mphepo ya mwera imawinditsa nyanja, ndipo kumapiri a chigawo chakummwera kumagwa chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imatha kukhala masiku angapo osachoka.

Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi imene zinthu zinayi zija zimakumana bwino. Mwera umakhala utachepa, madzi a m'nyanja amayera chifukwa mitsinje siikhala ikutsiramo matope, miyala ya kuphiri imakhala youma, ndipo zikondwerero zambiri zimachitika nthawi yomweyi. Vuto la miyezi imeneyi ndi kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire, komanso utsi wa moto wa m'tchire umene umaphimba mapiri akutali.

Malo oona

Amene wayambira ku Blantyre amaona nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene anamanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko mpaka 1975, kuli nyumba zakale za boma ndi phiri lokhala ndi damu la Mulunguzi, dzenje la Chingwe, ndi malo oonera chigwa otchedwa Emperor's View pokumbukira ulendo wa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie. Pafupi ndi Zomba pali malo osungira nyama a Liwonde, amene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Kumeneko njovu, mvuu ndi ng'ona zimaonekera bwino munthu ali pa boti mu mtsinje wa Shire, makamaka m'chilimwe pamene nyama zimatsikira kumtsinje kudzamwa madzi.

M'chigawo chapakati muli zithunzi zakale za pamiyala za ku Chongoni, m'boma la Dedza, zimene zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Malowa alipo 127: zithunzi zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, ndipo zoyera zikukhudza chinamwali ndi Nyau za Achewa. Kutsetsereka phiri kuchoka ku Dedza kuli mishoni ya Mua ndi malo a Kungoni, amene anayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, osungirako zigoba za Gule Wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kumpoto kuli Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894 atachoka ku Bandawe. Pafupi pake pali mathithi a Manchewe.

Kukwera phiri la Mulanje

Phiri la Mulanje ndilo limakopa anthu ambiri okonda kuyenda pansi. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera kuposa pamenepa m'Malawi muno. Phirili ndi kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, ndipo wachepa kwambiri chifukwa cha macheka ndi moto. Mu 2025 UNESCO inalemba phirili m'kaundula wake wa malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira.

Ambiri amakwerera ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndi kumene alendo amapezerako olondolera njira, amene anthu amangowatchula kuti magaidi, pamodzi ndi onyamula katundu. Njira ina imayambira ku Fort Lister, mbali ya Phalombe. Pamwamba pali nyumba zogonamo zingapo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo. M'nyumbazi simuli sitolo kapena malo odyera. Mumakhala mlonda amene amatunga madzi kumtsinje ndi kusonkha moto, ndipo mlendo amaphika yekha chakudya chimene wanyamula kuchokera pansi, kaya ndi ufa, mpunga, soya kapena usipa, n'kugona pansi pafupi ndi moto. Usiku kumazizira kwambiri ngakhale m'chilimwe.

Ulendo wa ku Sapitwa nthawi zambiri umatenga masiku atatu. Tsiku loyamba munthu amakwera mpaka ku Chisepo kapena ku Chambe, lachiwiri amafika pansonga n'kubwerera kukagona, ndipo lachitatu amatsika. Chigawo chomaliza si njira yoyenda chilili: pali matanthwe otsetsereka amene munthu amakwera ndi manja ndi miyendo, komanso mipata ya pakati pa miyala imene amadutsamo chokwawa. Nkhungu ikagwa, zizindikiro za penti zimene zili pamiyala sizioneka. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, amene ankayenda yekha m'maiko a mu Africa, anamwalira paphiripa atasiya gaidi wake n'kupitirira yekha kupita ku Sapitwa. Nkhani yake inajambulidwa mu kanema wa Fellipe Barbosa wa mu 2017. N'chifukwa chake oyang'anira phirili salimbikitsa aliyense kukwera wopanda munthu wodziwa njira. Kuyenda awiri si mantha.

Amene alibe masiku ambiri amathera pa Dziwe la Nkhalamba, mathithi amene ali pamtunda woyenda pafupifupi ola limodzi kuchokera ku Likhubula. Mapiri ena osavuta kwenikweni ndi la Zomba, la Dedza, ndi chitunda cha Nyika kumpoto.

Kusambira pansi pa madzi

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo pamalo pake pozama kwambiri pamafika mamita pafupifupi 700. Ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina. Pofuna kuteteza nsombazi, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo UNESCO inaivomereza mu 1984.

Kusambira kwa scuba kumatanthauza kulowa pansi pa madzi utabereka botolo la mpweya wopanikizidwa, utaluma chipangizo chopumira, utavala magalasi akumaso ndi zipsepse za kumapazi. Malo odziwika ophunzirira ndi Nkhata Bay, Kande ndi Cape Maclear, kumene anthu amamira pafupi ndi zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo komanso pa Otter Point. Maphunziro oyamba a bungwe la PADI, otchedwa Open Water, amatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo wowamaliza amaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Nyanjayi imathandiza ophunzira chifukwa madzi ake ndi ofunda, saluma m'maso, ndipo alibe mafunde okwera ndi kutsika ngati a kunyanja ya mchere. Popeza madzi opanda mchere sayandamitsa thupi kwambiri, womira amamanga zitsulo zolemetsa zochepa m'chiuno.

Chimene chimaoneka kwambiri pansipo ndi mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere timene timadya ndere pamiyala. Nsomba yaikazi ya mtundu umenewu imasunga mazira ndi ana m'kamwa. Mitundu ina imatulutsa anawo kuti adye, ndipo chinthu chikayandikira, tiana tonse timathamangira m'kamwa mwa mayi wawo. Pamchenga pamaoneka timaenje tozungulira timene nsomba zazimuna za mitundu ina zimakumba pokopa zazikazi, ndipo m'mapanga a miyala mumabisala kampango.

Lamulo loyamba la masewerawa ndi lakuti munthu samira yekha. Woyenda yekha amapatsidwa mnzake kapena mlangizi pasukulupo, ndipo awiriwo amaonerana zida asanalowe m'madzi, n'kumalankhulana ndi zizindikiro za manja ali pansi. Lamulo lachiwiri ndi kukwera pang'onopang'ono osagwira mpweya. Munthu akakhala pansi, mpweya wa nayitrojeni umalowerera m'magazi. Akakwera mofulumira, umasanduka tithovu timene timapweteka m'mfundo, ndipo tingathe kupuwalitsa kapena kupha. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho alangizi amawerengera zimenezi poyika malire a nthawi ndi kuzama.

Nkhani ya nayitrojeniyi ndiyo imalamula ndondomeko ya ulendo wonse. Womira sayenera kukwera ndege pasanathe maola 12 ngati wamira kamodzi, kapena maola 18 ngati wamira kangapo, ndipo ambiri amadikira tsiku lathunthu. Kukwera kumalo okwera monga Livingstonia, Nyika kapena Mulanje utangotuluka m'madzi kuli ndi chiopsezo chofanana. Odziwa amayambira kuphiri n'kumalizira kunyanja, kapena amasiya tsiku lopuma pakati.

Zikondwerero za nyimbo

Chikondwerero chodziwika kwambiri kunja kwa dziko ndi Lake of Stars, chimene anayambitsa Will Jameson wa ku Britain ndipo chinachitika koyamba ku Chintheche mu 2004. Chimatenga masiku atatu, kawirikawiri mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo chakhala chikusinthasintha malo pakati pa Chintheche, Salima, Mangochi ndi Nkhotakota. Oimba a m'dziko muno amasinthana nsanja ndi ochokera kunja, ndipo pamakhalanso ndakatulo, zisudzo ndi magule. Zaka zina chikondwererochi sichinachitike, kotero masiku ndi malo ake amayenera kutsimikizidwa chaka ndi chaka.

Sand Music Festival inayambitsidwa ndi woimba Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, ndipo yakhala ikuchitikira kugombe la nyanja, makamaka ku Senga Bay m'boma la Salima. Anthu ake ambiri amakhala Amalawi ochokera m'mizinda. Tumaini Festival imachitikira mu kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa. Anaiyambitsa mu 2014 mlakatuli wochokera ku Democratic Republic of Congo, Menes la Plume. Kulowa kwake n'kwaulere, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a mu kampumo. Imachitika chakumapeto kwa chilimwe.

Pa masiku a chikondwerero malo ogona apafupi amadzaza msanga ndipo mitengo imakwera, choncho ambiri amanyamula tenti. Woyenda yekha alibe womusungira katundu akapita kovina. Pasipoti, foni ndi ndalama zimayenda naye m'kachikwama kapathupi kapena zimasungitsidwa ku ofesi ya malo ogona.

Mayendedwe, ndalama ndi umoyo

Mabasi akuluakulu amayenda mumsewu wa M1 pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo msewu wa M5 umatsata gombe kudutsa Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo makilomita omaliza nthawi zambiri amatha pa kabaza kapena matola. Panyanja pali sitima ya Ilala, imene inayamba ntchito mu 1951. Imachokera ku Monkey Bay kupita kumpoto n'kumaima ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Nthawi yake imasinthasintha, kotero si bwino kuikwera tsiku loti mawa lake uli ndi ndege. Ku Likoma kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter cha mpingo wa Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903.

Makina a ATM amapezeka m'mizinda ndi m'maboma, koma kumidzi ya kugombe ndi kuphiri kumafunika ndalama zapamanja kapena za pafoni, za Airtel Money ndi TNM Mpamba. Malungo alipo chaka chonse m'mphepete mwa nyanja, ndipo neti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu n'zofunika. Likodzo limapezeka m'madera ena a nyanja, makamaka m'madzi osaya okhala ndi bango pafupi ndi midzi. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo wosambira amalangizidwa kukayezetsa patapita milungu ingapo. Pafupi ndi mathiriro a mitsinje pamakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo asodzi a pamalopo ndiwo amadziwa pamene pali posayenera kusambira.

Woyenda yekha amauza wachibale kapena mwini malo ogona kumene akupita ndi tsiku lobwerera, amagwirizana mtengo ndi gaidi asanayambe kukwera, ndipo amapewa kuyenda pamsewu usiku. M'midzi amayamba ndi moni asanafunse njira, amapempha asanajambule munthu, ndipo salowa kumanda kapena kudambwe popanda chilolezo cha mfumu. Ulendo wophatikiza Mulanje, maphunziro a scuba, chikondwerero ndi malo oona awiri kapena atatu umafuna pafupifupi milungu itatu kwa munthu woyenda pa basi.