Inshuwalansi ya maliro yogulitsidwa pakhomo: zimene achikulire ndi abale awo ayenera kudziwa

Inshuwalansi ya maliro ndi mgwirizano umene munthu amalipira kampani ndalama yochepa mwezi ndi mwezi, ndipo kampaniyo imalonjeza kupereka ndalama yogwirizanidwa kale munthuyo akadzamwalira. Cholinga chake si kusiyira ana chuma, koma kuti pa tsiku la zovuta papezeke ya bokosi, ya galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, ya ufa ndi ndiwo za pasiwa ndiponso chakudya cha adzukulu. Ku United States imatchedwa final expense, ndipo imagulitsidwa makamaka kwa anthu a zaka 50 mpaka 85. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito, ndi yofala kwambiri. Kuno kwathu imaperekedwa ndi makampani a inshuwalansi ya moyo.

Kufikira munthu pakhomo sikulakwa. Agogo amene miyendo idatha sangapite ku ofesi ya kampani m'tawuni. Koma wogulitsa nthawi zambiri amalandira komishoni pa munthu aliyense amene wamulembetsa, choncho iye amafuna kuti nkhani ithe tsiku lomwelo. Wachikulire nayenso amaona ngati kukana mlendo amene wamuyalira mphasa ndi mwano, makamaka akauzidwa kuti asadzavutitse ana. Apa mpamene ambiri amadinda chala pa pepala limene sadawerengeredwe, chonsecho kampani idzatsata zolembedwazo, osati zimene zidayankhulidwa pakhonde.

Choyamba kufunsa ndi nyengo yodikira. Nthawi zambiri mgwirizano wotere suyamba kugwira ntchito mokwanira tsiku losaina. Ku South Africa malamulo salola kuti nyengoyi ipitirire miyezi 6 pa imfa ya matenda, ndipo pa imfa ya ngozi palibe kudikira. Ku United States, amene walembetsa popanda kufunsidwa za umoyo wake kawirikawiri amadikira zaka ziwiri. Akamwalira ndi matenda zisanathe, abale amangobwezeredwa zimene adalipira ndi kachiwongoladzanja pang'ono. Wogula kuno apemphe kuti amuonetse pamene nyengoyi yalembedwa. Akafunsidwa za zaka zake kapena matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, anene zoona, ngakhale wogulitsa atanena kuti zilibe kanthu. Bodza la pa fomu limadzakhala chifukwa chokanira kulipira.

Ambiri sadziwanso kuti inshuwalansiyi si banki nkhonde. Munthu akasiya kulipira kupitirira masiku amene mgwirizano walola, chitetezo chimatha, ndipo nthawi zambiri zimene adapereka sizibwerera. Kwa wodalira penshoni, ulimi kapena ndalama zotumiziridwa ndi ana, funso lenileni ndi lakuti adzakwanitsa kulipira ngakhale m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma. Ndi bwino kuwerengera ndithu. Mwachitsanzo, K5,000 pamwezi kwa zaka 10 ndi K600,000. Ngati ndalama yolonjezedwa ndi yocheperapo, banja lilingalire mofatsa. Lifunsenso ngati ndalamayo imakwera ndi nthawi, pakuti kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene inkagula bokosi zaka zisanu zapitazo lero siingafike.

Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Kampani ndi oigulitsira ayenera kukhala ovomerezeka ndi ofesiyi. Wogulitsa aonetse chiphaso, ndipo abale aimbire kampaniyo kuti atsimikize kuti ndi wawo. Ndalama zilipiridwe m'dzina la kampani, osati pa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya munthu, ndipo risiti isungidwe. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki isaperekedwe kwa wina aliyense. Wachikulire ali ndi ufulu wouza wogulitsa kuti asiye mapepala, adzabwerenso mwana kapena mdzukulu wodziwa kuwerenga akakhalapo. Wokana zimenezi ndi wokayikitsa.

Maina a wolembetsa ndi a wodzalandira ndalama alembedwe monga alili pa chiphaso cha unzika, ndipo wodzalandirayo adziwe pamene mapepala asungidwa. Imfa ikachitika, kampani imafuna umboni, monga chikalata cha imfa chochokera ku National Registration Bureau. Imfa ya pakhomo iyambe yadziwitsidwa kwa mfumu. Kampani ikakana kapena kuchedwetsa kulipira, abale alembe kalata yodandaula kukampaniko ndi kusunga kope. Akapanda kukhutira ndi yankho, atengere nkhaniyo ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank of Malawi, atanyamula mgwirizano ndi marisiti onse.