Nsawawa, Misinkhu ndi Fodya: Mbiri ya Muyeso wa Zinthu Zoyendera Limodzi

Kuyambira kalekale anthu a mitundu yonse akhala akudziwa kuti pali zinthu zimene zimayendera limodzi, monga mvula ndi zokolola, kapena msinkhu wa kholo ndi wa mwana wake, ndipo makolo athu, akaona mwana atatengera amake, ankangoti make mbuu, mwana mbuu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kufunsa kuti zinthu ziwirizo zimayendera limodzi kufikira pati, ndi kuyankha funsolo ndi nambala imodzi imene munthu wa ku London ndi wa ku Zomba angaimve mofanana, ndi nzeru ya dzulodzuloli, yosakwana n'komwe zaka 150. Ndipo popeza ana athu a m'sukulu zaukachenjede amailandira ngati yopanda mwini ndi yopanda mbiri, n'koyenera kuti tilongosole kumene idachokera ndi chimene eni ake ankafuna poisula.

Amene adalambula njira ndi akatswiri a nyenyezi. Iwowa, poyeza malo a nyenyezi imodzi usiku ndi usiku, ankapeza mayankho osiyana pang'onopang'ono, ndipo pofuna mzere umodzi wodutsa pakati pa mayankho onsewo, Adrien-Marie Legendre wa ku France adafalitsa mu 1805 njira yosankhira mzere woyenera: kuyeza mtunda umene yankho lililonse laphonya mzere, kuchulukitsa mtundawo ndi iwo womwe, kuphatikiza zonsezo, ndi kutenga mzere umene ukupereka chiwerengero chochepetsetsa. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany adalemba za njira yomweyo mu 1809, nanena kuti iye adaigwiritsa ntchito kuyambira 1795, ndipo mawuwo adautsa mkangano pakati pa akuluakulu awiriwo. Koma kwa anthu a nyenyeziwa, kusiyana kwa mayankho kudali kulakwa kwa diso kapena kwa chipangizo, kofunika kukuchotsa. Pamene pakati pa ana a anthu kusiyana sikulakwa ayi, pakuti munthu wamfupi sadaphonye kukhala wamtali, ndi mmene adabadwira. Padafunika munthu woona kusiyana komweko monga chinthu choyenera kuchiyeza.

Munthuyo adali Francis Galton, amene adabadwa mu 1822 pafupi ndi Birmingham, m'banja la mpondamatiki losula mfuti ndi kuyendetsa banki, ndipo adali msuweni wa Charles Darwin, popeza onse awiri adali adzukulu a Erasmus Darwin. Kuyambira 1850 kufikira 1852 adayenda m'dziko limene lero likutchedwa Namibia, pakati pa Aherero ndi Aovambo, nabwerera kwawo ali ndi mbiri ya mlendo wolimba mtima komanso ndi mtima wonyoza anthu amene adamusonyeza njira ndi zitsime. Msuweni wake atafalitsa buku lake la chiyambi cha mitundu ya zamoyo mu 1859, Galton adagwidwa ndi lingaliro limodzi limene silidamusiye kufikira imfa yake mu 1911, lakuti nzeru, khalidwe ndi ulemerero wa munthu zimayenda m'magazi, ndi kuti mtundu wa anthu ungakonzedwe posankha oyenera kubala ndi osayenera. Mu 1873, chaka chimene David Livingstone adamwalira kwa Chitambo, iye adalembera nyuzipepala ya The Times kalata yopempha kuti Matchaina adzakhazikitsidwe m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Afirika, kuti pochulukana alowe m'malo mwa eni nthaka, amene iye ankawayesa anthu achabe. Zimenezi sitikuzinena pofuna kufukula akufa, koma kuti wowerenga adziwe funso limene mkuluyu ankalifunira yankho.

Poona kuti anthu amachedwa kubala ndi kukula, adayamba ndi mbewu. Mu 1875 adatenga nthangala za duwa lonunkhira la mtundu wa nsawawa, limene limabereka popanda kusakanizana ndi linzake, nazigawa m'magulu 7 kuyambira zazing'onong'ono kufikira zonona, natumiza kwa abwenzi ake okhala m'madera osiyanasiyana a ku Britain, Darwin ali mmodzi wa iwo, kuti akabzale ndi kumubwezera zokolola. Zokololazo zitafika, adaona kuti nthangala zazikulu zidaberekadi ana okulirapo ndipo zazing'ono zidabereka ana ocheperapo, koma anawo sadafike pamene padali makolo awo: pa kupambana konse kumene kholo lidapambana nako nthangala wamba, mwana adalandirapo ngati gawo limodzi mwa magawo atatu. Izi adazilongosola pamaso pa Royal Institution mu 1877, ali wotsimikiza mtima kuti wapeza mphamvu ya m'chilengedwe imene imakokera ana kubwerera ku chikhalidwe cha makolo akale a mtundu wawo.

Tsono adatembenukira kwa anthu. Mu 1884, pa chionetsero cha zaumoyo ku South Kensington, adatsegula chipinda choyezeramo anthu, ndipo anthu 9,337 adalipira makobiri atatu aliyense kuti ayezedwe msinkhu, kulemera, mphamvu ya dzanja ndi kupenya kwa maso. Chodabwitsa n'chakuti amene ankafuna miyesoyo ndi Galton, koma olipira adali eni matupi. M'chaka chomwecho adalonjeza mphoto za mapaundi 500 kwa mabanja otumiza mbiri yolongosoka ya pamtundu pawo, ndipo m'makalata amenewo adatolamo misinkhu ya ana achikulire 928 obadwa kwa makolo awiriawiri okwana 205. Popeza akazi kawirikawiri amafupika kuposa amuna, adachulukitsa msinkhu wa mkazi aliyense ndi 1.08, natenga wa bambo ndi wa mayi kuwasandutsa msinkhu umodzi wapakati. Kenaka adajambula bokosi la mizere, misinkhu ya makolo mbali ina, ya ana mbali inzake, nalemba m'kachipinda kalikonse chiwerengero cha ana ogwera m'menemo. Chimene chidaoneka pa nsawawa chidaonekanso pano, ngakhale pa mlingo wina: msinkhu wamba udali mainchesi 68 ndi pang'ono, ndipo makolo oposa msinkhuwo ndi mainchesi atatu ankabala ana ouposa ndi mainchesi awiri okha, pamene makolo operewera ndi mainchesi atatu ankabala ana operewera ndi awiri. Mzere wopendekera umene adaujambula pamenepo, umene udafalitsidwa mu 1886, ndi umene masiku ano m'makalasi amautcha regression.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo tiyenera kumupatsa mkuluyu ulemu wake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Atayang'anitsitsa bokosi lija, adaliwerenga chobwerera, kuyambira kwa ana kupita kwa makolo, napeza kuti ana ataliatali nawonso ali ndi makolo osafika pa msinkhu wawo. Nanga mphamvu ija yokokera ana kwa makolo akale ingakokere bwanji makolo, amene adabadwa nakula anawo asanakhaleko? Adaonanso kuti tizipinda tokhala ndi chiwerengero chofanana tikalumikizidwa timapanga mikombero yowulungika chotalika, wina m'kati mwa unzake, ndipo posadzikhulupirira pa masamu, adatumiza funsolo kwa J. Hamilton Dickson wa ku Cambridge, atabisa zakuti n'za misinkhu. Yankho lidabwera logwirizana ndi zimene iye adajambula ndi dzanja. Chimene chidaululika pamenepo, ngakhale mwini wake adachedwa kuchivomereza chonse, n'chakuti kubwerera pakatiku kumaoneka paliponse pamene zinthu ziwiri zimayendera limodzi koma mosakwanira. Munthu wotalika mopambana adatalika chifukwa cha zina zotengera kwa makolo ndi zina zamwayi, ndipo zamwayizo sizibwera kawiri motsatizana. Chifukwa chake wophunzira wopambana onse pa mayeso oyamba kawirikawiri amatsikako pa achiwiri, ndipo wotsirizira amakwerako, popanda wowakoka. Ophunzira enieni akhala akugwa m'mbuna imeneyi: mu 1933 Horace Secrist wa ku America adafalitsa buku lalikulu losonyeza kuti makampani opindula kwambiri amatsika ndipo olephera amakwera, naganiza kuti watulukira lamulo la malonda, kufikira Harold Hotelling adamudzudzula poyera kuti wataya zaka zake kutsimikizira chinthu chimene masamu okha amachibala.

Chotsala chidali nambala imodzi ija. Ku Paris, Alphonse Bertillon ankazindikira akaidi poyeza mutu, phazi, chala ndi mkono, ndipo Galton adafunsa ngati miyeso imeneyi ili mboni zosiyanadi, pakuti munthu wa mkono wautali amakhalanso wa phazi lalitali. Adatenga amuna 348, nayerekeza msinkhu wawo ndi mkono wawo, kuyambira pa chigongono kufikira kunsonga ya chala chapakati, muyeso womwe uja wa chingalawa cha Nowa. Ndipo adazindikira kuti chinthu chilichonse chikayezedwa ndi mlingo wa kumwazikana kwake komwe, m'malo mwa mainchesi kapena mapaundi, mizere iwiri ija, wopita ndi wobwerera, imakhala ndi kupendekera kumodzi. Nambala ya kupendekera kumeneko, imene pa msinkhu ndi mkono idali 0.8, adaibweretsa ku Royal Society mu Disembala 1888. Umu ndi mmene correlation idabadwira. Karl Pearson, mphunzitsi wa masamu pa University College London, ndiye adaikhazika pa maziko olimba mu 1896, napereka njira imene ikutsatidwa kufikira lero yowerengera nambalayo, yolembedwa r, yoyambira pa -1, pamene china chikakwera chinzake chimatsika ndendende, kudutsa pa 0, kufika pa +1. Ndipo mu 1903, pamodzi ndi Alice Lee, adapeza kuti pa misinkhu ya abambo ndi ana awo aamuna oposa 1,000 nambalayo idali ngati 0.5.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala imeneyi imanena kuti awiri ali panjira imodzi, koma sinena amene akutsogolera mnzake, ndipo kapena onse awiri akungotsata kulira kwa ng'oma imodzi ya kutsidya. Pearson ankaphunzitsa kuti kufunafuna choyambitsa ndi mwambo wachikale umene sayansi iyenera kuusiya, koma iye mwini, pofika pa nkhani ya magazi, sankachedwa kugamula. Ndipo mu 1925, pamodzi ndi Margaret Moul, adafalitsa kafukufuku wa ana a Ayuda osamukira ku London, naweruza kuti mtunduwo ngwotsika poyerekeza ndi eni dziko, ngakhale kuti adali ana a alendo osauka okulira m'tinyumba tothithikana. Mwana amalandira kwa atate wake magazi, inde, koma amalandiranso nkhokwe, sukulu, chilankhulo ndi abwenzi, ndipo r siitha kulekanitsa cholowa china ndi chinzake. Amene adachenjeza momveka ndi wophunzira wa Pearson yemwe, George Udny Yule, amene m'nkhani yake yofalitsidwa mu 1926 adasonyeza kuti kuyambira 1866 kufikira 1911 gawo la maukwati omangidwa mu Mpingo wa Anglican ku England ndi mlingo wa imfa m'dzikomo zidatsikira limodzi, nambala yake n'kufika 0.95, koma palibe wanzeru amene angati ukwati wa m'tchalitchi umapha, pakuti ziwirizo zinkangotsika m'zaka zimodzi, chilichonse pa zifukwa zake.

Chenjezo lomweli lidasandukanso pobisalira, ndipo ife a dziko lolima fodya nkhaniyi ikutikhudza. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill adafalitsa zimene adapeza m'zipatala za ku London: mwa amuna 649 odwala khansa ya m'mapapo, awiri okha ndi amene sankasuta, pamene mwa amuna ena 649 odwala matenda ena osasuta adali 27. Ronald Fisher, katswiri woposa onse wa m'badwo umenewo pa masamu a ziwerengero, amene adalowa pa mpando wa Pearson mu 1933, wosuta kaliwo ndi mlangizi wa makampani a fodya, adatsutsa kolimba, nati kapena pali chibadwa china chimene chimapatsa munthu chilakolako cha fodya ndi khansa yomwe. Pa masamu okha mawu akewo sadali opusa. Chimene chidamugonjetsa ndi umboni wochokera mbali zambiri: Doll ndi Hill adalembera madokotala a ku Britain mu 1951, ndipo pafupifupi 40,000 atayankha, adawatsata chaka ndi chaka, naona kuti wosuta kwambiri amafa msanga kuposa wosuta pang'ono, kuti kusuta kumayamba matenda asanabwere, ndi kuti wosiya fodya ngozi yake imachepa. Fisher adamwalira mu 1962 asanabweze mawu ake, ndipo pa nkhani imeneyi adalakwa.

Chiphunzitso chosankha oyenera kubala, chimene Galton adachipatsa dzina lakuti eugenics mu 1883, chidabala zipatso zowawa: ku America anthu oposa 60,000 adatsekedwa kubala mokakamizidwa ndi lamulo, ndipo Germany idakhazikitsa lamulo lake lotero mu 1933. Mu Juni 2020 University College London idachotsa mayina a Galton ndi Pearson pa nyumba ndi zipinda zake zophunziriramo, ndipo mu Januwale 2021 idapepesa poyera chifukwa cha mbali imene idatengapo pofalitsa chiphunzitsocho. Njira yowerengera r sidasinthidwe ngakhale pang'ono, ndipo m'mabuku a ophunzira a chaka choyamba ikutchedwabe ndi dzina la Pearson.